Mvula ya mu Julaye

1

Mukatsika minibasi pa Kawale 2 n'kufunsa kwa Leah, palibe amene angakufunseni kuti Leah wake uti. Ngakhale wogulitsa makala angokulozerani ndi mlomo: "Uja anabisa maliro a mayi ake? Nyumba ya chitseko chobiriwira iyo." Dzina limeneli lamukhala mng'ono wanga zaka ziwiri tsopano. Linamulanda mwamuna amene anatsala pang'ono kumukwatira, linamuchotsanso pa gulu la amayi ophika kutchalitchi. Amene anamuveka dzinalo ndine, Tionenji, mkulu wake wa bere limodzi, dona amene ndinakhalako ku Mangalande.

Ndatchula Mangalande msanga chifukwa kwathu ku Kawale imeneyo ndi digiri. Mu Seputembala 1994 amuna anga a Leston anapeza mwayi wokaphunzira za madzi ku Leeds kwa zaka ziwiri, ine n'kukhala katundu wawo wa m'manja. Tsiku lotsanzikana, pakhomo pa mayi athu a Nasibeko panadzaza ngati pali ukwati. Anti Beatrice, oyandikana nafe, amene pakamwa pawo sipadziwa Lamulungu, anandigwira dzanja.

"Ndiye mukatikumbukeko, adona. Kukachitika zovuta kuno tizikuuzani bwanji?"

"Anti, ine ndapuma," ndinayankha mokweza kuti ndi a kuseri omwe amve. "Maliro a ku Kawale Lolemba, Lachitatu, Loweruka, msana wanga watha ndi simenti. Kumene ndikupitako anthu amafa mwa apo ndi apo."

Anthu anaseka. Amayi sanaseke. Ananditsina pantchafu n'kundinong'oneza: "Ukayenda siya phazi, mwanawe. Ukasiya mlomo udzaupeza."

Popeza amayi cholembera sichinkawamvera, tinapangana kuti tizitumizirana makaseti, imodzi pamwezi. Iwo azilankhula, Leah azidina batani.

2

Ku Leeds tinafikira m'kachipinda kam'mwamba, m'nyumba zolumikizana ngati mabogi a sitima. Dzuwa la kumeneko ndi lokongoletsa chabe, limaoneka koma ntchito siligwira. Mu Disembala ndinayanika zovala panja monga mayi wolongosoka, pokaanula ndinapeza thalauza la a Leston litauma gwa, lotha kupita lokha kusukulu.

Ine ndinaleredwa kuti munthu sumudutsa ngati mtengo. Choncho m'mawa woyamba pa siteji ya basi ndinapereka moni kwa aliyense, mmodzimmodzi, n'kufunsa ndi za ana omwe. Mayi wina anakumbatira chikwama chake. Bambo wina anayang'ana wotchi n'kundiuza nthawi.

Ndiye panabwera nkhani ya usipa umene amayi anandimangira mu chitenje. Nditangouthira mu mafuta, kabelu kena ka padenga kochenjeza za moto kanayamba kukuwa ngati kaona mfiti. Ndinakamenya ndi tsache, kanawonjeza. Posakhalitsa msewu wonse unali panja, anthu amene kwa miyezi itatu ndinkaganiza kuti kulibe. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti mzungu sumuitana ndi moni, umamuitana ndi usipa.

Choposa zonse chinali tsiku limene aphunzitsi a a Leston anabwera kudzadya nafe. Ndinagwada ndi beseni kuti asambe m'manja. Bambo wa imvi zake uja anandiyang'ana, anayang'ana pansi, kenako nayenso anagwada, poganiza kuti ndagwetsa ndolo. Tinakhala chogwada tonse awiri, iye akupapasa kapeti, ine nditagwira beseni, a Leston akutuluka thukuta m'dziko la chisanu.

"Mayi, kuno sagwada," anatero a Leston alendo atapita.

"Nanga sapereka moni, sagwada, sakazinga usipa, amachita chiyani?"

"Amangokhala."

Ndinapeza ntchito yokolopa m'maofesi m'mamawa, eni ake asanafike. Manja anang'ambika ndi sopo wa kumeneko. Zoseketsa ndakuuzanizi zinkaseketsa pokamba, koma kunena zoona ndinkasungulumwa mpaka kumva kuwawa m'mafupa. Munthu yekha amene ankandibwezera moni anali gogo wa khomo loyandikana nalo, Mayi Dorothy, amene amuna awo a Walter ankadwala osatuluka.

3

Koma mukanamva makaseti anga! "Amayi, kuno ndi kumwamba kwenikweni. Madzi otentha amatuluka m'khoma. Ndikugwira ntchito mu ofesi." Limenelo silinali bodza, mu ofesimo ndinkalowadi, ndi ndowa. Ndinkadziwa kuti kaseti ikafika ku Kawale amaiyika pakhonde, Anti Beatrice atakhala kutsogolo, ndiye ndinkathira mchere wokwanira.

Makaseti a amayi anali mankhwala anga. Ankandiuza amene wakwatiwa, amene wathawidwa, ndi amene wagula firiji koma alibe magetsi. Ine mawu awo ndinkawamva, koma chimene ndinkatchera khutu kwambiri ndi za kumbuyo: tambala wa Anti Beatrice, ana akukanganirana mpira, wailesi ya oyandikana nawo, ndowa zikugundana pa mpopi. Ndinkatseka maso n'kukhala pa Kawale kwa ola lathunthu.

Mu Febuluwale 1995 ndinawauza kuti ndine woyembekezera. Apa mundimvetse. Ndinali nditapita padera kawiri. Kachiwiriko kanachitika tsiku limene munthu wina wopanda nzeru anandiuza pamsewu, mosazungulira, kuti bambo athu agundidwa ndi galimoto. Amayi ndi amene anandinyamula tsiku limenelo, ndipo sanaiwale.

"Usanyamule zolemera, usamve zoipa," anatero pa kaseti yotsatira. "Za kuno zisiye kuno."

Ndinawatumizira juzi yofiira ya ubweya, nsapato ndi maduku awiri. Makaseti anapitiriza kufika, wa Epulo, wa Meyi, wa Juni. Mawu awo anali otsikirako, koma ankati ndi chimfine.

4

Tsopano imvani chimene chinandipatsa mbiri mumsewu wathu wa ku Leeds.

Linali Lachiwiri lina mu Julaye, cha m'ma teni m'mawa. Ndinasuzumira pawindo n'kuona amuna awiri ovala zakuda akutulutsa a Walter pa machira, ataphimbidwa mpaka kumutu. Galimoto inanyamuka. Mayi Dorothy anaima pakhomo kanthawi, analowa, natseka chitseko. Msewu unangoti zii. Wina ankatsuka galimoto yake, wina ankayendetsa galu.

Ine amene ndinalengeza kuti ndapuma maliro, ndinamanga chitenje pamwamba pa mimba yanga, duku kumutu, n'kutsika masitepe. Sindinagogode, pamaliro sagogoda. Ndinavula nsapato pakhomo, ndinadutsa mipando yonse, ndinakhala pansi pakona n'kutambasula miyendo. Kenako ndinautsegula.

"Mayi wanga ine! Mayi wanga ine, mwandisiyira yani!"

Ndinalira maliro a ku Ntcheu enieni, aja amamveka kutsidya kwa mtsinje. Mphaka wa m'nyumbamo anathawira pawindo. Mayi Dorothy, mwini maliro, anathamangira kukhitchini kukandipangira tiyi. Anabwera kudzandisisita pamsana, akundiuza kuti ndilimbe mtima, a Walter anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndipo apumula. Namfedwa ankapepesa mlendo. Mwana wawo atafika n'kupeza mayi wakuda woyembekezera akugubuduka pa kapeti ya mayi ake, anafuna kuitana ambulansi, koma anayamba waimbira a Leston kusukulu.

A Leston ananditulutsa ngati akutulutsa mbuzi m'munda mwa eni.

"Mwandichititsa manyazi! Munthu simunalankhulepo naye n'kamodzi komwe. Komanso womwalirayo ndi mwamuna, inu mukulira mayi wanga, mayi wanga. Mayi wake uti?"

"Kwathu timalira choncho," ndinatero, ndikupukuta mamina.

Ku maliro a a Walter tinalipo anthu khumi ndi mmodzi, kuwerengera ndi wansembe. Mwambo unatha tisanakhazikike, tinadya timabuledi todula makona atatu, aliyense n'kumapita kwawo. Pa kaseti yotsatira ndinafotokoza zonsezi moseketsa, kuti a pakhonde ku Kawale agwe nako kuseka.

5

Thandie anabadwa mu Seputembala, wamoyo, wonenepa, wa mawu ngati amake. Mu Okutobala kunabwera kalata, osati kaseti. Inali ya Leah.

"Achemwali, amayi anatisiya pa 2 Epulo, tinakawaika kumudzi ku Ntcheu. Makaseti aja anajambuliratu mu Malichi ali chigonere. Anati tisakuuzeni mpaka mutachira. Ndikhululukireni."

Ndinadzigwetsa pansi, a Leston anandithira madzi. Kalatayo sindinayankhe.

Tinabwerera ku Malawi mu Disembala 1996. Mwambo mukuudziwa: amene sanakhale nawo pa maliro amayamba kulira akadali pamsewu, amayi a m'dera n'kusonkhana kudzakhala naye. M'nyumba mwa amayi munadzaza, kunja kukuwaza kamvula kozizira. Kulira kutatha, anthu anayembekezera kuti wina ayambe kulankhula. Anayamba ndi Anti Beatrice.

"Pepani, adona. Ifetu tinagona pano masiku atatu, pa simenti pomwepa. Paja munati mwapuma maliro a ku Kawale? Sitinadziwe kuti mukunena ndi a mayi anu omwe."

Wina anatsokomola pofuna kubisa kuseka. Mlomo umene ndinausiya uja ndinaupeza, utandidikira zaka ziwiri, utanenepa. Mwana woyamba, osaponya dothi pa bokosi la mayi ake! Nthawi yomweyo Leah analowa ndi thireyi ya tiyi, atavala juzi yofiira ija.

Ndinaimirira n'kumuloza.

"Funsani uyu! Ine ndikanadziwa ndikanakwera ndege tsiku lomwelo, mimba kapena ayi. Anandibisira miyezi isanu ndi umodzi, akunditumizira mawu a munthu wakufa kuti katundu azibwerabe. Taonani chimene wavala! Juzi imeneyo ndinagulira amayi. Amadya za akufa uyu!"

Dzanja la Leah linapita m'thumba la juzi, kenako linatuluka lopanda kanthu. Anaika thireyi pansi bwinobwino, natuluka.

Nkhani ya juzi inathamanga kuposa minibasi. Aliyense anaiwala za mimba yanga, anakumbukira za katundu. Pasanathe mwezi, amalume ake a Misheck, mnyamata amene anali atafunsira Leah, anatumiza mawu akuti banja lawo silingalandire mkazi wodyera maliro. Kutchalitchi anamuuza mwaulemu kuti apumeko kaye kuphika. Ine ndinasamukira ku Area 25, m'nyumba ya geti lakuda, ndipo anthu ankandimvera chisoni kwambiri. Ndinkachilandira ndi manja awiri.

6

Apa ndiye pamene ndakhala ndikuzungulira ngati galu wofuna pogona. Tibwerere ku Lachiwiri lija la mu Julaye.

A Walter asanatulutsidwe, cha m'ma naini, wa positi anaponya kaseti ya amayi. Ndinaiyika, ndinatseka maso monga mwa masiku onse. Amayi ankanena za kusamba madzi ofunda ndi kudya masamba. Kenako kumbuyo kunayamba phokoso limene mwana aliyense wokulira m'nyumba ya malata amalidziwa. Mvula. Osati kamvula kowaza, koma chimvula cha mabingu. Amayi anasiya nkhani n'kunena chapansipansi kuti, "Leah, ika beseni pakona apo, payamba kudontha." Mvula itachepa, mayi wina anadutsa pamsewu akukuwa: "Bowa! Bowa uyu!"

Mabingu mu Julaye, ku Lilongwe? Bowa mu Julaye, nthawi imene fumbi la ku Kawale limalowa mpaka m'mano?

Ndinabweza kaseti katatu. Ndinatenga ya Juni ndi ya Meyi n'kuzimvanso. Munalibe tsiku, munalibe nkhani yatsopano, ndipo funso lililonse limene ndinawafunsa chichokere Epulo linali lisanayankhidwe. Za juzi sanathokoze, amayi amene ankathokoza ngakhale singano. Munthu sajambuliratu mawu a miyezi ya m'tsogolo ngati akuyembekezera kudzakhalapo.

Ndinadziwa. Ndinadziwa bwinobwino kuti amayi kulibe.

Ndiye nditasuzumira pawindo n'kuona machira aja, ndinapeza pokalirira. A Walter, Mulungu awalandire, sindinawalire n'dontho limodzi. Ndinabwereka maliro awo.

Bwanji sindinanene? Ndingakuuzeni kuti ndinkaopa kupitanso padera, ndipo n'zoona. Ndingakuuzeni kuti pokhala chete amayi ankakhalabe moyo kamodzi pamwezi, ndipo nazonso n'zoona. Koma chachikulu chinali ichi: ndikanavomera kuti ndadziwa, ndikanayenera kubwera, kapena kukhala mwana amene anamva koma osabwera. Ndipo kubwera kunali kutsika ndege ndi manja ong'ambika ndi sutikesi imodzi, Anti Beatrice n'kuona okha ofesi imene ndinkagwira. Kusadziwa kunali kofunda ngati bulangeti, ndinadzifunditsa. Ndinajambula makaseti ena awiri ndikuti "Moni, amayi," ndikudziwa kuti amene akumvetsera ndi Leah yekha.

7

Mwezi watha ndinapita ndi Thandie ku msika wa Kawale kukagula nyemba. Leah anali patsidya, akusankha tomato, ataonda. Mwana wanga wa zaka zitatu anamuloza n'kufuula mosangalala, monga mwana amene waloweza bwino phunziro lake:

"Amami, si awo anti obisa maliro!"

Leah anamumwetulira mwanayo. Kumwetulira kumeneko kunandilasa kuposa chilichonse chimene Anti Beatrice ananenapo.

M'mawa mwake ndinagogoda pa chitseko chobiriwira. Anandipatsa mpando, ine ndinakhala pansi. Ndinamuuza zonse, za mvula, za bowa, za a Walter. Ndinkayembekezera kuti andithira madzi a mbale. Iye anangopitiriza kusankha mpunga.

"Ndinkadziwa, achemwali."

"Unkadziwa bwanji?"

"Kaseti yanu ya Ogasiti. Munalankhula ola lonse osafunsa amayi funso ngakhale limodzi. Inu, osafunsa? Ndiye pomaliza munati, Leah, ukapeze munthu akonze denga pakona paja. Mu Ogasiti."

Analowa kuchipinda n'kubwera ndi kaseti yokulungidwa mu duku limodzi mwa aja ndinatumiza.

"Iyi ndi yomaliza. Anati ndikupatseni m'manja, muli nokha. Tsiku lija inali m'thumba la juzi, koma simunandipatse mpata."

Anadina batani monga ankachitira kale. Mawu a amayi anatuluka, otopa, opumira m'mwamba.

"Tionenji, ukamamva iyi ndiye kuti wafika. Pa kaseti ina ija mvula yatilowerera. Leah akuti sudzazindikira, koma ine ndidakubala, makutu ako ndi akumva za eni. Ndidafuna tijambulenso, mpweya wakana. Ukadzazindikira n'kukhala chete, usadzadziimbe mlandu, mwana ndiye ali patsogolo. Koma uyu Leah ndamukakamiza ine, iye amafuna akuuze. Wandisambitsa, wandinyamula, sadagone. Ukatumiza kanthu avale iyeyo, ine kumene ndikupita sikuzizira. Ndipo iwe pakamwa udapatsidwa, ndiye ukamuthokoze pagulu, anthu amve."

Kaseti inatha, kunangotsala kulira kwa tepi.

"Leah," ndinatero, "iyi ikanakutsuka tsiku lomwelo. A Misheck akanamva. Bwanji sunaiyike pakhonde?"

"Ndikanaiyika pakhonde, Kawale yense akanamva kuti mvula ija munaimva." Anathira mpunga mu mbale. "Wina mwa ife amayenera kukhala ndi dzina, achemwali. Inu munali ndi mwana."

A Misheck anakwatira chaka chatha ku Biwi. Zimenezo palibe kaseti ingabweze.

8

Owerenga anzanga, makamaka inu amene muli ndi pasipoti yatsopano m'thumba ndipo mwayamba kale kuyenda ngati pansi pakununkha: pitani, kunja n'kwabwino, madzi otentha amatulukadi m'khoma. Mukazolowera chisanu, mukazolowera anthu osayankha moni, mukaphunzira kukazinga usipa mutatsegula mawindo. Chimene simukachizolowera ndi munthu wabodza amene mukanamizire anthu kuti ndinu, chifukwa ameneyo amafuna kudyetsedwa mwezi uliwonse, ndipo tsiku lina adzakupemphani m'bale wanu. Wanga ndinamupereka pamaso pa anthu, ndi chala.

Amayi anati ndimuthokoze pagulu. Gulu limene ndinamunyozera linali la m'chipinda chimodzi, koma nkhani inafika Kawale yense, ndiye ndasankha gulu lokulirapo. Anti Beatrice, ndikudziwa magazini simugula koma mumabwereka. Iyi muwerenge mokweza, pakhonde, monga munkamvera makaseti anga.

Leah, zikomo. Unasambitsa amayi ine ndikukolopa maofesi a eni, unasenza dzina langa zaka ziwiri osalitula.

Ndipo inu mukadzatsika pa Kawale 2, mudzafunse kwa Leah amene anasunga mayi ake, nyumba ya chitseko chobiriwira. Mukafuna uja anabisa maliro, kwerani minibasi ina ya ku Area 25. Geti lakuda, mudzandipeza.